Anthu Khumi m'Sunagoge wa ku Exeter

Mumzinda wa Exeter, m'chigawo cha Devon kumwera chakumadzulo kwa England, muli nyumba yopemphereramo imene munthu angathe kuidutsa kwa zaka zambiri osadziwa kuti ilipo. Ili m'kanjira kotchedwa Synagogue Place, kamene kamapatuka mumsewu wa Mary Arches, mtunda woyenda mphindi zochepa kuchokera pa tchalitchi chachikulu cha mzindawu, ndipo kunja kwake kulibe nsanja kapena belu loitanira anthu. Nyumbayi ndi sunagoge wa Ayuda, amene anamangidwa m'chaka cha 1763 ndi kupatulidwa pa 10 Ogasiti 1764. Mwa masunagoge amene akupemphereredwabe m'dziko la Britain, awiri okha ndiwo anamangidwa iye asanakhalepo: wa Bevis Marks ku London, wa m'chaka cha 1701, ndi wa ku Plymouth, wa m'chaka cha 1762. M'zaka zimenezo anthu amene sanali a mpingo wa boma ankakonda kumanga nyumba zawo zopemphereramo pamalo obisika, kumbuyo kwa nyumba zina, ndipo n'chifukwa chake kuwala kwa m'chipinda chopemphereramo kumalowera padenga, osati m'mazenera a m'mbali.

Ine ndine Mkhristu, ndinakulira mumpingo wa CCAP, ndipo sindinasiye chikhulupiriro changa. Ndinayamba kupita ku sunagogeyu ngati mlendo chifukwa cha mayi wina wachikulire amene ndinayandikana naye nyumba, amene ataona kuti ndimafunsa kwambiri za makandulo amene amayatsa Lachisanu madzulo, anandiuza kuti ndi bwino ndikadzionere ndekha mmene anthu ake amapempherera. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona ndi kuphunzira ngati mlendo wokhala pampando wa kumbuyo, ndipo ndikuzilemba chifukwa ambiri a ife tinakula tikuwerenga za masunagoge m'Baibulo ngati kuti ndi zinthu zimene zinatha kalekale, pamene kunena zoona anthu akulowamo ndi kupemphera mpaka lero.

Chipindacho ndi chaching'ono, moti munthu akalankhula chapansipansi kutsogolo, wa kumbuyo amamva. Pakati pake pali nsanja yokwezeka pang'ono yotchingidwa ndi zitsulo zosulidwa mwaluso, imene amaitcha bimah, ndipo ndi pamenepo pamene amawerengera Chilamulo. Kukhoma loloza ku Yerusalemu kuli kabati yopatulika yosungiramo mipukutu, ndipo patsogolo pake pamayaka nyale imene sazimitsa. M'mwamba muli khonde limene linamangidwira amayi malinga ndi mwambo wakale wolekanitsa amuna ndi akazi popemphera. Mwamuna aliyense wolowa, kaya ndi Myuda kaya si Myuda, amavala kachipewa kakang'ono kotchedwa kippah, ndipo amene alibe amabwerekedwa pakhomo. Nsalu yofunda m'mapewa yokhala ndi mphonje m'ngodya zake zinayi, yomwe lamulo lake lili pa Numeri 15, amavala Ayuda okha, pakuti mphonjezo ndi chikumbutso cha malamulo amene anapatsidwa kwa iwo.

Kulandira mlendo kwa anthu a pamalopa sikwaphokoso. Palibe amene amaimiritsa mlendo kuti adzitchule dzina pamaso pa onse. Chimene chimachitika n'chakuti munthu mmodzi amadzakhala pafupi nanu, amakupatsani buku la mapemphero, amakusonyezani kuti limatsegukira kumanja kupita kumanzere chifukwa ndi mmene Chihebri chimalembedwera, kenaka nthawi ndi nthawi amatambasula dzanja n'kukuikirani chala patsamba loyenera. Masamba ali ndi Chihebri mbali imodzi ndi Chingerezi mbali inayo, kotero mlendo amatha kutsatira tanthauzo ngakhale sakudziwa chilembo chimodzi cha Chihebri. Kwa ine chisamaliro chotere chili ndi ulemu waukulu, chifukwa chimam'patsa mlendo mpata woti amvetse zimene zikuchitika popanda kumusandutsa chinthu choonerera.

Chimene chinandidabwitsa poyamba n'chakuti mpingowu ulibe rabi wokhazikika. Mapemphero amatsogoleredwa ndi mamembala eniake, wina lero, wina ulendo wotsatira, aliyense monga mwa zimene anaphunzira. Ndinauzidwa kuti m'Chiyuda zimenezi si zachilendo ndipo sizichepetsa pemphero, pakuti rabi kwenikweni ndi mphunzitsi ndi womasulira malamulo, osati mkhalapakati wa anthu ndi Mulungu, ndipo Myuda wamkulu aliyense wodziwa mapemphero angathe kuimirira ndi kutsogolera anzake. Mpingo wa ku Exeter ndi woima paokha, sunadzimangirire ku nthambi imodzi ya Chiyuda, ndipo umasonkhanitsa anthu amene anakulira m'miyambo yosiyana, ena yosunga zakale mosamalitsa, ena yosintha zina malinga ndi nyengo. Ku London, kumene kumakhala oposa theka la Ayuda a ku England ndi Wales, munthu amasankha sunagoge wogwirizana ndi mtima wake. Kalembera wa m'chaka cha 2021 anapeza Ayuda pafupifupi 271,000 m'madera awiriwa, ndipo ochepa kwambiri mwa iwo ndiwo ali ku Devon. Kuno palibe kusankha koteroko. Anthu osiyana maganizo amakhala pabenchi imodzi chifukwa akapatukana palibe gulu limene lingakwanitse kupemphera mokwanira.

Apa ndipo pagona nkhani imene yandichititsa kulemba. M'Chiyuda munthu angathe kupemphera yekha kunyumba, ndipo osunga mwambo amatero katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo. Koma pali mbali zina za pemphero zimene sizinenedwa pokhapokha patasonkhana Ayuda akuluakulu khumi, gulu limene amalitcha minyan. Popanda khumiwo, mpukutu wa Chilamulo suwerengedwa ndi madalitso ake, kuitanira mpingo kuti utamande Mulungu sikuchitika, ndipo pemphero la anamfedwa silinenedwa. Aphunzitsi akale anatenga chiwerengerochi pa Numeri 14, pamene azondi khumi amene anabwera ndi mbiri yoipa ya dziko la Kanani akutchedwa khamu. Pa mwambo wakale amawerenga amuna okha amene akwanitsa zaka 13, pamene nthambi zina za masiku ano zimawerenganso amayi. M'sunagoge wamkulu wa mumzinda wa anthu ambiri palibe amene amaganizako za lamuloli. M'sunagoge wamng'ono limakhala m'mtima mwa aliyense, ndipo chitseko chikatseguka mitu imatembenuka.

Ndaonapo anthu akupitiriza masalimo oyambirira pang'onopang'ono, akudikira kuti wina afike, ndipo ndaona nkhope zikumasuka pamene nkhalamba ina inalowa ikupuma movutikira ndi ndodo yake. Munthu ameneyo sanabwere ndi luso lililonse lapadera, sanali woti atsogolere kapena kulalikira, koma kubwera kwake kokha kunatsegulira ena onse mapemphero amene akanawalumpha. Palinso mwambo wina wokongola wokhudza kawerengedwe kake. Ayuda ambiri sawerenga anthu poloza chala ndi kunena kuti mmodzi, awiri, atatu, pokumbukira mliri umene unagwa Davide atawerenga Aisraeli, monga zalembedwa pa 2 Samueli 24. M'malo mwake amanena vesi lomaliza la Salimo 28, limene m'Chihebri lili ndi mawu khumi, n'kumapereka liwu limodzi kwa munthu aliyense. Vesilo ndi pempho lakuti Mulungu apulumutse anthu ake, adalitse cholowa chake, awawete ndi kuwanyamula nthawi zonse. Vesi likathera pa munthu womaliza, ndiye kuti khumi akwana.

Ine sindiwerengedwa m'khumiwo, ndipo sindingaitanidwe kukaima pa mpukutu. Zimenezi sizinandipweteke, ndipo ndikuganiza kuti siziyenera kupweteka mlendo aliyense. Anthuwa amandilandira ndi mtima wonse, koma sanamizira kuti ine ndi iwo tili m'pangano limodzi, ndipo sanandifunsepo ngakhale pang'ono kuti ndisiye mpingo wanga. Chiyuda sichituma anthu kukatembenuza ena. Munthu wofuna kulowa amalandiridwa atatha nthawi yaitali akuphunzira, koma aphunzitsi awo amanena poyera kuti olungama a mitundu yonse ali ndi gawo m'dziko likudzalo. Chifukwa cha ichi, kulandira kwawo kulibe cholinga chobisika, ndipo munthu amakhala momasuka podziwa kuti sakusakidwa.

Sabata limayamba Lachisanu dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndipo limatha Loweruka usiku nyenyezi zitatu zikaoneka. Kwathu, kumene dzuwa limalowa pafupifupi nthawi yofanana chaka chonse, zimenezi sizingavute kuzitsata, koma ku England zimasintha kwambiri: mu Disembala makandulo amayatsidwa isanakwane 4 koloko madzulo, anthu ambiri akadali kuntchito, pamene mu Juni Sabata limatuluka itadutsa 10 koloko usiku. Pemphero la Lachisanu madzulo limayamba ndi Masalimo 95 mpaka 99 ndi Salimo 29, kenaka pamabwera nyimbo imene inapekedwa ku Safed, m'mapiri a ku Galileya, m'zaka za m'ma 1500, imene imayerekeza Sabata ndi mkwatibwi. Pa ndime yake yomaliza onse amaimirira, amatembenukira kukhomo ndi kuwerama pang'ono, ngati akulandira mlendo wolemekezeka amene wangofika kumene.

Pakatikati pa mapemphero a m'mawa ndi a madzulo pali mawu a pa Deuteronomo 6:4, amene amatchedwa Shema, olengeza kuti Ambuye Mulungu wa Israeli ndi mmodzi. Ambiri amaphimba maso ndi dzanja lamanja powanena kuti maganizo asabalalike. Ndi mawu amene mwana amaphunzitsidwa akangoyamba kulankhula, ndiponso amene Myuda amafuna kuti akhale omaliza pakamwa pake pomwalira. Ife m'Mabaibulo athu timawerenga Yehova kapena Chauta ndipo timalitchula dzinalo momasuka m'nyimbo ndi m'mapemphero, koma Ayuda satchula dzinali, limene m'Chihebri limalembedwa ndi zilembo zinayi. Maso akafika palo, pakamwa pamanena Adonai, kutanthauza Ambuye. Ndi bwino mlendo wochokera kwathu adziwe zimenezi, kuti pocheza nawo asatchule mopepuka chimene iwo amachiopa kwambiri.

Zitatha izi pamabwera pemphero loimirira lotchedwa Amidah, limene m'masiku wamba lili ndi madalitso 19, koma pa Sabata lili ndi 7 okha, chifukwa zopempha za umoyo wa tsiku ndi tsiku amaziika pambali pa tsiku lopuma. Pa mwambo wakale munthu amaphatikiza mapazi, amaloza ku Yerusalemu, amayenda mapazi atatu kutsogolo ngati wofika pamaso pa mfumu, n'kuyamba kupemphera milomo ikugwedezeka koma mawu osamveka, potsanzira Hana mayi wa Samueli amene wansembe Eli anamuyesa woledzera. Chipinda chonse chimangoti zii, kumangomveka kutembenuka kwa masamba. Aliyense amatha pa nthawi yake, ndipo wotha msanga amadikira anzake. Ndinazolowera mapemphero amene mphamvu yake imaoneka m'kukweza mawu, ndipo sindikuwanyoza, koma m'mphindi zimenezo ndinazindikira kuti anthu angathe kupemphera pamodzi kwenikweni aliyense ali chete.

Kuwerenga kwa Chilamulo Loweruka m'mawa ndiko pachimake pa zonse. Kabati ikatsegulidwa onse amaimirira. Mpukutu umatulutsidwa utavekedwa chovala cha nsalu yokongola ndi zokometsera zasiliva, ndipo wounyamula amauyendetsa pakati pa anthu, iwo n'kumaukhudza ndi mphonje za nsalu zawo kapena ndi buku, kenaka n'kupsompsona chimene akhudziracho. Mpukutu umenewu suli wosindikizidwa pa makina. Ndi mabuku asanu a Mose olembedwa pamanja ndi mlembi wophunzitsidwa, pa zikopa za nyama yololedwa kudya, ndi nthenga ndi inki yakuda, ndipo uli ndi zilembo 304,805. Ntchito yolemba umodzi imatenga chaka kapena kupitirira, ndipo chilembo chimodzi chikafufutika kapena chikalakwika, mpukutuwo suwerengedwa pagulu kufikira utakonzedwa. Kwa mpingo wa anthu ochepa, kusamala mipukutu yakale yotere ndi mtolo weniweni, pa ndalama ndi pa chidwi chomwe.

Mabuku asanuwo anagawidwa m'zigawo 54, kuti pa mwambo wakale awerengedwe onse m'chaka chimodzi, ndipo pa chikondwerero cha Simchat Torah amamaliza Deuteronomo n'kuyambiranso Genesis nthawi yomweyo. Mumpukutu mulibe zizindikiro za mavawelo, mulibe zopumira, mulibenso zizindikiro za kaimbidwe, kotero wowerenga amayenera kukonzekera kunyumba kwa masiku angapo. Amatsata mizere ndi kandodo kasiliva kokhala ndi kadzanja kumapeto kwake, kuti chala chisakhudze inki. Pambali pake pamaima munthu wina ndi buku losindikizidwa, ndipo wowerenga akaphonya liwu amamukonza mokweza pomwepo, nthawi zina ena a m'mabenchi n'kuthandizirapo. Wokonzedwayo sakwiya ndipo sachita manyazi. Amabwereza liwulo bwino n'kupitiriza. Ichi chinandikhudza kwambiri, chifukwa chimasonyeza kuti mawuwo ndi a mpingo wonse, ndipo wamng'ono angathe kukonza wamkulu popanda wina kuona ngati ndi chipongwe.

Pa Sabata, malinga ndi mwambo wakale, anthu 7 amaitanidwa mmodzimmodzi kukaima pa mpukutu ndi kunena madalitso chigawo chisanawerengedwe ndiponso chitawerengedwa. Aliyense amaitanidwa ndi dzina lake la Chihebri pamodzi ndi la kholo lake, ndipo woyamba amakhala wa mbadwa za Aroni ngati alipo, wachiwiri wa fuko la Levi. Tangoganizani, abale anga, chimene izi zimatanthauza pamalo pamene pabwera anthu khumi ndi owerengeka. Wina atsegule kabati, wina anyamule mpukutu, wina autukule m'mwamba utatambasulidwa kuti onse aone zilembo, wina auveke, wina awerenge gawo la aneneri. Pomafika kumapeto, pafupifupi aliyense wagwirapo ntchito ina, ndipo wobwerera kumpando wake amagwidwa chanza ndi anzake omufunira mphamvu. Kuwerenga kwa aneneri kumeneku n'komwe timakupeza pa Luka 4, pamene Yesu anaimirira m'sunagoge wa ku Nazarete napatsidwa mpukutu wa Yesaya. Ndakhala ndikuwerenga ndimeyi kuyambira ubwana, koma ndinaimvetsa mwatsopano nditaona ndi maso anga dongosolo limene iye anakuliramo.

Mpukutu usanabwezedwe pamakhala mapemphero a odwala, ndipo mayina awo amatchulidwa. Mumpingo wotere dzina lililonse lili ndi nkhope yodziwika. Pamakhalanso pemphero lopempherera Mfumu ndi banja lachifumu, limene m'masunagoge a ku Britain limanenedwa m'Chingerezi, motsatira mawu a Yeremiya 29 olamula akapolo a ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene akukhalamo. Kwa ife amene tikukhala m'dziko la eni, mawu a mneneriyu si achilendo m'makutu.

Chakumapeto kumabwera Kaddish ya anamfedwa, ndipo apa mpamene lamulo la anthu khumi limaonetsa kulemera kwake konse. Munthu amene wataya bambo kapena mayi amanena pempheroli kwa miyezi 11, ndipo pambuyo pake amalinena chaka chilichonse pa tsiku limene kholo linamwalira, tsiku limenenso amayatsa kandulo yoyaka usana ndi usiku wonse. Pempheroli lili m'Chiaramu, ndipo silitchula imfa kapena dzina la womwalirayo. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi chitamando cha dzina la Mulungu ndi pempho la mtendere. Namfedwa amaimirira n'kunena mizere yake, ndipo mpingo umayankha pakatipakati kuti Amen, n'kunena pamodzi mzere wodalitsa dzina lalikulu la Mulungu kunthawi za nthawi. Popanda oyankha pempheroli silingatheke, pakuti linapangidwa kuti likhale la mbali ziwiri. Munthu wosweka mtima amene mwina sakufuna kuona wina aliyense amakakamizika kutuluka m'nyumba kukafuna anzake, ndipo anzakewo amakakamizika kubwera.

Kwathu kumudzi munthu sadikira kuitanidwa ku maliro, ndipo amene amajomba pa zovuta za anzake amadziwa yekha kuti tsiku lake likadzafika bwalo lidzakhala lopanda anthu. Udindo womwewo ndi umene ndinauona pano, kusiyana kwake n'kwakuti sumathera pa tsiku loika maliro kapena pa masiku 7 amene banja limakhala pansi kunyumba likulandira opepesa, koma umapitirira mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Mayi woyandikana nane uja anandiuza kuti pali masiku amene thupi limakana, mvula ikugwa ndipo kunja kukuzizira, koma amavala n'kunyamuka chifukwa akudziwa kuti wina ali ndi tsiku lokumbukira kholo lake. Ena amayenda mitunda yaitali kuchokera m'matauni ndi m'midzi ya ku Devon pa chifukwa chomwecho. Pemphero likatha, Ayuda a ku Britain ali ndi chizolowezi chomugwira namfedwa chanza ndi kumufunira moyo wautali. N'zoyenera kudziwanso kuti Ayuda a ku Exeter anapeza malo a manda, pafupi ndi msewu wa Magdalen, m'chaka cha 1757, zaka zingapo asanamange sunagoge. Anayamba aonetsetsa kuti akufa awo ali ndi pogona, kenaka ndipo anamanga nyumba ya amoyo.

Mapemphero akatha anthu sabalalika msanga. Amadalitsa vinyo, amadalitsa mikate iwiri yolukidwa yokumbutsa mana amene ankagwa mowirikiza tsiku la Sabata lisanafike, amainyema n'kugawana ndi aliyense amene alipo, mlendo yemwe. Apa mpamene pamakhala macheza ndi mafunso, ndipo moni wa aliyense ndi Shabbat shalom, kutanthauza Sabata la mtendere. Mbale ya chopereka siyendetsedwa, chifukwa pa mwambo wawo ndalama sizigwiridwa pa Sabata, ndipo nyumbayi imayendetsedwa ndi zopereka za umembala ndi mphatso zoperekedwa masiku ena. Mafoni amazimitsidwa, ndipo kujambula zithunzi kapena kulemba pa tsikuli n'kosayenera.

Nyengo za chaka zimabweretsa anthu ambiri kuposa masabata wamba, makamaka Chaka Chatsopano chawo, chimene chimagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, pamene amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo, ndi Tsiku la Chitetezero limene limabwera pa tsiku lakhumi la mwezi woyamba wa chaka chatsopanocho pa kalendala yawo, pamene amasala chakudya ndi madzi kwa maola pafupifupi 25. Chiphunzitso chawo chimati tsikuli limafafaniza zolakwa za pakati pa munthu ndi Mulungu, koma zolakwa za pakati pa munthu ndi mnzake sizifafanizika kufikira wolakwayo atapita yekha kukapepesa. Pagulu la anthu ochepa amene amadalirana kuti akwane khumi, chiphunzitso chimenechi sichingakhale cha pakamwa pokha.

Monga Mkhristu sindingalembe za malo ano n'kulumpha zimene Akhristu anachitira Ayuda a mumzinda uno. Ayuda analipo ku Exeter kale m'zaka za m'ma 1100. M'chaka cha 1287 msonkhano wa atsogoleri a mpingo umene unachitikira mumzindawu, motsogozedwa ndi Bishopu Peter Quinel, unalamula kuti Ayuda azivala chizindikiro pa zovala zawo, kuti asamange masunagoge atsopano, ndiponso kuti Akhristu asadye nawo pamodzi. Patangopita zaka zitatu, mu 1290, Mfumu Edward I inathamangitsa Ayuda onse m'dziko la England, ndipo sanaloledwe kukhalanso poyera kufikira m'chaka cha 1656, m'nthawi ya Oliver Cromwell. Amene anamanga sunagoge wa lero anali obwera m'zaka za m'ma 1700, ambiri ochokera kumayiko a ku Ulaya olankhula Chijeremani ndi Chidatchi, anthu a malonda ang'onoang'ono, osula siliva ndi okonza mawotchi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chiwerengero chawo chinatsika pamene mabanja anasamukira kumizinda ikuluikulu, nyumbayi inawonongekanso ndi mabomba a pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo moyo wa mpingowu unadzatsitsimuka m'zaka za m'ma 1980. Ndikamalandira chidutswa cha mkate m'manja mwa mmodzi wa iwo, ndimakumbukira kuti m'dzina la chipembedzo changa munalembedwapo lamulo loletsa chinthu chomwechi, mumzinda womwe uno.

Chidani chimenechi sichinathe. Madzulo a pa 21 Julaye 2018 mwamuna wina wa maganizo odana ndi Ayuda anaswa zenera la nyumbayi, anathiramo petulo n'kuyatsa moto. Mwamwayi munalibe munthu m'katimo, ndipo nyumbayo sinapse yonse. Pa kalendala ya Chiyuda tsikulo linali la 9 la mwezi wa Av, tsiku limene amakumbukira kugwetsedwa kwa Kachisi wa ku Yerusalemu ndi Ababulo ndiponso ndi Aroma m'chaka cha 70. Munthuyo anagwidwa ndi kuweruzidwa, nyumba inakonzedwa, ndipo mapemphero anayambiranso. Mpingowu ukupitirizabe kulandira ana asukulu, magulu a zipembedzo zina ndi alendo ngati ine.

N'chifukwa chake amene akufuna kukaona sunagoge, kuno kapena kwina kulikonse ku Britain, ayenera kuyamba walemba kalata kapena kuimba foni pasadakhale, kunena kuti ndi ndani ndiponso chifukwa chimene akufunira kubwera. Mapemphero a ku Exeter sachitika tsiku lililonse ngati m'masunagoge akuluakulu, kotero n'kofunikanso kufunsa tsiku ndi nthawi. Mukafika pakhomo mudzapeza munthu woyang'anira chitetezo, kawirikawiri membala wodzipereka amene wasiya mbali ya mapemphero ake kuti aime panja, ndipo adzakufunsani mafunso angapo asanakutsegulireni. Musakhumudwe nawo mafunsowo, ndipo muyankhe mwaulemu. Valani modzilemekeza, zimitsani foni musanalowe, imirirani pamene ena aimirira, ndipo ngati muli ndi mafunso, asungeni mpaka nthawi ya mkate ndi vinyo, pamene mudzapeza anthu okonzeka kukuyankhani mofatsa.